Maliro anga analengezedwa pa gulupu

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Koma ndiyang'anitsitseni kaye: wakufa uja ndine!

Mwana wanga Limbani ankasenza katundu ku boda. Kumeneko anzake anamulawitsa timiyala toyera ta kokeni, tija amati kiraki, tosutira pa kapaipi. Akasuta, foni sinkachoka m'manja. Pano walemba kuti wagula thiraki, posakhalitsa akutukwana amalume ake pa voyisi, kenako akulira kuti anthu akumulondalonda. Zikamuchoka m'mutu ankafufuta, koma inu munali mutatumizirana kale. Musazolike, ndikudziwa!

Tsiku lina analemba pa gulupu ya pa foni ya mpingo kuti, "Amayi atisiya." Ine ndili kumunda ku Chiosya, ndikukumba mtedza. Pofika kunyumba ndinapeza amayi a mpingo ali pabwalo, nkhuni pamutu, nyimbo ya maliro yayamba kale. Ena atandiona anaponya nkhuni, liwiro! Sekani ndithu, ine sindinaseke. Mwana ndinam'peza kuseri kwa nkhokwe, milomo itapsa, akuti, "Amayi, muli moyo?" Abale, iye anakhulupiriradi kuti ndafa. Mtima unandiwawa.

Sabata yomweyo munam'chotsa pa gulupu. Ena munati, "Nachisale, m'pirikitseni. Mwana wolengeza maliro a make ndi malodza." Ndinakana. Ndinakana, ndipo lero ndikukanabe! Ndinati wolemba zija si mwana wanga, ndi utsi uja. Abusa anam'pempherera, ine ndinapita naye kuchipatala ku Boma, foni yake nditaimanga pa chitenje changa. Anasiya kusuta, anagwanso. Ndinam'dzutsa. Anagwanso, ndinam'dzutsanso. Satana anafuna maliro pakhomo panga, ine ndinati wasokera.

Nkhuni zanu zija sindinabweze ayi. Ndinkaphikira phala Limbani masiku amene sankatha kumeza chilichonse.

Limbani, taimirira, akuone. Wabwerera m'thupi, akulima, ndipo chiyambire mvula sanakhudze kapaipi. Nkhondo sinathe, koma tikuimenya tili awiri ndi Yesu wachitatu. Abusa, foni yake ndi iyi. M'bwezereni pa gulupu lero lomwe, ine ndikuona.

Zikomo Ambuye, zikomo! Ndipo inu amayi amene munabwera kudzandilira, imirirani. Pakamwa pomwe paja munaimbira maliro anga, patuluke nthungululu!