Mawu Atandithera mu Sitandade 1

Moni kwa inu nonse amene muli pa gulu lathu lino, amayi ndi abambo, achinyamata, ngakhalenso inu amene mumangowerenga osayankhapo kanthu. Mtendere wa Ambuye ukhale m'makomo mwanu. Ine ndine mphunzitsi wa sitandade 1 pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Kandeu, kuno ku Ntcheu. Ndati ndikuuzeniko za chaka chimene mawu anga anasasa mpaka kutheratu, ndiponso mmene Mulungu anandiolotsera, chifukwa ndikakhala chete ndifanana ndi mlendo amene wadya n'kunyamuka osathokoza.

Mphunzitsi wa ana aang'ono khasu lake ndi pakhosi. Ana a sitandade 1 amabwera asakudziwa ngakhale kagwiridwe ka pensulo, ndipo kuti adziwe liwu la lembo ayenera kulimva kaye kwa iwe, kambirimbiri. Ine ndinali ndi ana oposa zana m'chipinda chimodzi, onse okhala pansi, ena mpaka pakhomo. M'mawa uliwonse ndinkaloza pa bolodi ndi kandodo n'kumakuwa kuti a, e, i, o, u, iwo n'kumabwereza. Tikatero tinkaimba, kenaka tinkalemba malembowo m'malere ndi chala. Aphunzitsi anzanga ankandiseka kuti ndikayamba kuphunzitsa amandimva ngakhale amayi a kumjigo. Kunena zoona, ine ndinkanyadira zimenezo.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili paliponse, ndinayamba kumva kukanda pakhosi. Ndinati ndi chimfine chabe. Ndinamwa madzi a mandimu ndi uchi, ndinatafuna jinja, koma kukuwa sindinasiye. Sabata yachitatu, Lachiwiri m'mawa, ndinaima kutsogolo kwa ana kuti ndiwapatse moni, ndipo m'kamwa mwanga munangotuluka mpweya wokhawokha. Ana anayesa ndi masewera atsopano, onse anayamba kunong'ona akuseka. Ine ndinatembenukira ku bolodi kuti asaone misozi.

Kuchipatala cha ku boma adokotala anandiyeza n'kundiuza kuti pakhosi patupa chifukwa cha kukuwa tsiku ndi tsiku, kuphatikizapo fumbi la choko. Anandipatsa mankhwala, koma anati mankhwala enieni ndi kupumitsa mawu kwa miyezi ingapo. Kulankhula pang'ono motsitsa analola, koma kukuwa ndi kuimba ayi. Anandichenjeza kuti ndikakakamira, mawuwo akhoza osadzabwereranso.

Ahedi athu ndi munthu wachifundo, koma analibe mphunzitsi wina woti alowe m'malo mwanga. Tinali ochepa, aliyense ndi kalasi yake yodzaza. Anandiuza mosabisa kuti teremu ikatha ana asanayambe kuphatikiza malembo, adzayenera kukanena kwa akuluakulu a maphunziro, ndipo sankadziwa chimene akuluakuluwo akandiganizire. Ndinabwerera m'kalasi ndi mawu ongofika pamene pafika dzanja langa. Ndinkalemba pa bolodi, ndinkaomba m'manja, ndinkaloza, koma ondimva anali a mzere wakutsogolo okha. Akumbuyo ankatsinana, ena ankagona, ena anayamba kujomba.

Masiku amenewo mtima wanga unalemera kwambiri. Uphunzitsi ndiyo ntchito yokhayo imene ndinaphunzira, ndiponso ndiyo imadyetsa ana anga awiri. Koma chimene chinkandiwawa koposa chinali ana a eni aja. Ndaona ndi maso anga kuti mwana akadutsa sitandade 1 osadziwa malembo, amangokwera makalasi ali mumdima, mapeto ake n'kusiya sukulu chifukwa cha manyazi. Kutchalitchi ndinachoka ku kwaya n'kumakakhala kumbuyo. Mapemphero ofuula amene ndinazolowera sanathekenso. Nthawi yopuma, ana akatuluka kukamwa phala, ndinkatsala ndekha m'kalasi n'kumapemphera chamumtima kuti, Ambuye, ngati mawu anga mwawatenga, ndi anu omwe, koma ana awa asalangidwe nawo. Ndinapemphera choncho masabata awiri osaona kusintha kulikonse.

Lolemba lina m'mawa, pakhomo pa kalasi panaima bambo wachikulire, wamtali, atavala jekete ngakhale kunja kunkatentha, ndodo ili m'manja. Anali a Dzonzi, agogo ake a Tadala, kamtsikana ka m'kalasi mwanga. Ndinkangowadziwa ndi maso. Anagwira ntchito zaka zambiri ku migodi ya ku Joni, ndipo kumudzi kwawo pakakhala gule wa ngoma ndi iwo amene amatsogolera nyimbo. Sanabwere mwamtendere. Tadala anakawauza kunyumba kuti madamu masiku ano salankhula, amangoloza, ndiye iwo anabwera kudzadzionera okha ulesi wa aphunzitsi amakono.

"Kodi ana athu timawatumiza kuno kuti muzingowayang'ana?" anandifunsa ali chiimire pakhomopo.

Ndinawayandikira n'kuwafotokozera motsitsa za matenda anga. Anawerama kuti amve, nkhope yawo inafewako, koma sanapepese. Anangoti akhala pang'ono aone. Ndinawapatsa mpando wanga, pafupi ndi bolodi.

Tsiku limenelo ndinkaphunzitsa kuphatikiza m ndi a. Ndinalemba ma, n'kuloza, n'kutchula ndi timawu tanga tija. Akutsogolo anayankha mwaulesi, akumbuyo sanamve n'komwe. Ndinabwereza kachiwiri, kachitatu. A Dzonzi, amene ankandimva bwino pokhala anali pafupi, zinawakwana. Anatembenukira kwa ana n'kukuwa kuti, "Akuti ma!" Ndikukuuzani, malata ananjenjemera. Ana onse anadzidzimuka, anaseka, kenaka anayankha pamodzi kuti ma! Ine ndinalemba me msangamsanga n'kuwauza agogowo chapansipansi, iwo n'kukuwa. Tinapita choncho mpaka pa mu. Kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri kalasi yonse inali ndi khutu limodzi.

Nthawi yopuma ndinawathokoza, ndipo ndinalimba mtima n'kuwapempha ngati angabwerenso mawa lake. Ndinawapatsa buku la ana kuti akaoneretu phunziro kunyumba. Analilandira ndi manja awiri, analitembenuza, kenaka anandibwezera.

"A Nangozo," anatero pondiitana ndi mfunda wanga, "ine izi sindiziona. Makalata onse amene ndinkatumiza kuno ndili ku mgodi ankandilembera anzanga. Ine changa ndi pakhosi basi."

Ndinawayankha kuti ine kuwerenga ndimatha, pakhosi ndi pamene ndilibe. Anaseka mpaka kutsokomola. Mawa lake ndinawapeza atafika kale, akhala pakhonde la kalasi. Ahedi atakambirana ndi a komiti ya sukulu anavomera kuti azibwera.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse belu lisanalire tinkakhala pakhondepo, ine n'kumawaphunzitsa maliwu a tsikulo kuti asakasochere pamaso pa ana. Ndipo popeza sindikanathanso kudalira kukuwa, ndinayamba kufuna njira zina. Ndinapempha makatoni akale m'magolosale a pa Kandeu n'kudula makadi a malembo. Ana ndinawauza kuti azitola zitsekerero za mabotolo, ndipo m'kati mwa chilichonse ndinalembamo lembo limodzi. Ndinawagawa m'magulu pansi pa mtengo wa mango, gulu lililonse ndi kathumba kake ka zitsekerero, kuti aziyala pansi mo ndi to, ndipo atchule okha kuti moto. A Dzonzi anabweretsa dongo la kudambo pa njinga, ana n'kuumba malembo n'kuwayanika pazenera. Mwana amene waumba s ndi manja ake, dongo likumuthyokera kawiri katatu, saiwalanso s.

Agogowo anali ndi nzeru zawozawo zimene ine ku koleji sindinaphunzire. Ana ankasokoneza b ndi d chaka ndi chaka. Iwonso poyamba anasokoneza, ndiye tsiku lina anawayang'anitsitsa malembowo n'kuuza ana kuti b ndi bambo wokhuta, mimba yatsogola, pamene d ndi mayi wobereka mwana kumbuyo. Kuchokera tsiku limenelo mwana akalakwitsa, anzake ankamufunsa kuti wakhuta kapena wabereka? Anayambitsanso zoti ana aziponda pansi monga aponda pa ngoma, phatikizo lililonse phazi limodzi. Mu-tu, kawiri. Ma-la-ta, katatu. Fumbi linkabuka moti ine ndinkaima patali, nsalu ili kukamwa, koma ana anamvetsa kuti mawu ali ndi mfundo ngati nzimbe.

Sikuti zonse zinkayenda bwino. A Dzonzi anazolowera kalankhulidwe ka akapitawo a ku mgodi, ndipo sabata yoyamba analiza ana awiri ndi kukalipa. Ndinawapempha kuti ndodo yawo iziwadikira panja, ndipo anavomera monyinyirika. Tsiku lina anandimva molakwa n'kuphunzitsa kalasi yonse kuti nda pamene pa bolodi panali nta, ndipo zinatitengera masiku awiri kuti tizule. Mvula yoyamba itagwa anasowa sabata yathunthu, ali kumunda kubzala. Ndinaopa kuti tabwerera pakale, koma magulu aja anapitiriza okha, ine n'kumangoyendera.

Kuyendera maguluko ndi kumene kunanditsegula maso. Popeza mawu anga ankangofika pafupi, ndinayenera kunjuta pambali pa mwana aliyense n'kumumvetsera. Pamenepo ndinazindikira kuti Tadala, amene ankayankha mokweza kuposa onse tikamabwereza pamodzi, sankadziwa lembo ngakhale limodzi. Ankangotsatira anzake. Analiponso ena ambiri otero. Zaka zonse zija ndinkamva phokoso la kalasi n'kumati ana akudziwa, chonsecho ambiri ankangobisala m'phokosomo. Ndinachita manyazi pamaso pa Mulungu, koma ndinathokoza kuti wandionetsa nthawi ikadalipo. Tadala ndi anzakewo ndinawapangira gulu lawo, ndipo agogo ake anapempha kukhala m'gulu lomwelo.

Chakumapeto kwa teremu kunabwera mlangizi wa maphunziro wa m'dera lathu. Ahedi anali atamuuza kale za vuto langa. Mlangiziyo sanafunse ana akutsogolo. Anapita kumbuyo kwenikweni, n'kutola makadi, n'kuyala mawu amene sitinawaphunzitsepo. Mwana woyamba anaponda pansi kawiri n'kuwerenga. Wachiwiri anakakamira pang'ono, kenaka anatulutsa. Si onse anakhoza, sindinganame, koma ochuluka anawerenga. Mlangiziyo anafunsa kuti bambo akhala pakati pa anawo ndi ndani, ndipo a Dzonzi anaimirira, kuvula chipewa, n'kunena kuti ndi wothandiza madamu. Za kundichotsa sizinatchulidwe. M'malo mwake anandipempha kuti teremu yotsatira ndikaonetse aphunzitsi a sukulu zoyandikana nafe mmene timagwiritsira ntchito zitsekerero zija.

Mawu anga anabwerera mu Febuluwale, ndipo anabwera mosayembekezeka. Loweruka lina mbuzi za oyandikana nawo zinalowa m'kadimba kanga ka masamba kuseri kwa nyumba. Ndisanaganize n'komwe ndinakuwa kuzithamangitsa, ndipo mawu anatuluka athunthu. Mbuzi zinathawa, ine ndinatsala nditagwira pakhosi, kenaka ndinagwada pomwepo pakati pa mpiru n'kuthokoza. Ndinabwereranso kwa adokotala, ndipo anati kutupa kwaphwa, koma ndisabwerere ku khalidwe lakale. Mpaka lero mawu anga ndi ocheperapo kusiyana ndi kale, ndipo ku kwaya ndinatsikira ku alito. Sindidandaula, amandikwanira.

Lolemba lake ndinauza a Dzonzi kuti tsopano akhoza kupuma, ntchito yawo aigwira. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Tili pa maphatikizo a malembo atatu, ndiye mukuti ndisiyire panjira? Inu mwachira, ine sindinachire."

Anapitiriza kubwera mpaka chaka chinatha. Mayeso omaliza analemba nawo, atakhala pakampando kawo kumbuyo, ndipo dzina pamwamba pa pepala analemba okha, d wawo atabereka bwinobwino. Tsiku lotsekera sukulu, makolo atadzaza pabwalo, ahedi anaitana mayina a ana okhoza. Tadala anali m'gulumo. Atamaliza mayina a ana, anaitana dzina la a Dzonzi. Amayi analulutira, ana anaponda pansi mpaka fumbi koboo, ndipo agogowo anayenda pang'onopang'ono kukalandira kapepala kawo ka zotsatira. Anakawerenga okha pomwepo, chala chikutsata malembo, anthu onse akudikira.

Abale anga, ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losatuluka n'komwe pakamwa. Ndikuthokoza ahedi athu chifukwa cha kuleza mtima, ndiponso makolo amene sanasiye kutumiza ana. Inu amene mwatayikidwa chinthu chimene mumadalira pa ntchito yanu, kaya ndi thanzi, kaya ndi mphamvu za manja, musafulumire kunena kuti zatha. Pitirizani kufika pamalo panu pa ntchito ndi chochepa chimene mwatsala nacho, ndipo pempherani ngakhale chamumtima. Komanso munthu akabwera pakhomo panu ndi ukali, mupatseni kaye mpando, chifukwa simudziwa amene wamutuma.

Muzitikumbukira m'mapemphero, ine ndi ana anga atsopano a chaka chino. Muwakumbukirenso a Dzonzi. Pano ali mu sitandade 2, amapita masiku atatu pa sabata, ndipo andiuza kuti mayeso a teremu ino akufuna amupose Tadala.