Angella Makwinja ndi Chithunzi cha Amayi Awo

Mafumu amene mwafika pano, abusa ndi akuluakulu a mpingo, amayi a Mvano, anamfedwa anzanga, ndi nonse amene mwasiya madengu ndi makasu kuti mudzatipepese, zikomo.

Ine ndine Douglas Mulekano, atsibweni awo a malemu. Banja landiimika pano chifukwa cha imvi, osati chifukwa chodziwa zambiri, pakuti zaka zimene ndakhala kunja kwa mudzi uno zikuposa zimene ndakhalamo. Masiku ndi zaka zimene nditchule ndazitenga kwa achemwali anga a Fainess, amayi awo a malemu. Koma nkhani imene ili pakati pa mbiriyi ndinayamba kuimva dzulo m'minibasi yochokera ku Limbe, kwa mayi ena amene ndinakhala nawo mpando umodzi atanyamula nkhata ya maluwa pamiyendo. Sindinkawadziwa. Tikufika pa Bvumbwe m'pamene tinazindikira kuti tikupita kumaliro amodzi. Ndi Mayi Hazel Chipungu, amene anaphunzira limodzi ndi malemu ku koleji, ndipo akhala apo pansi pa mtengo wa mapeyala.

Malemu Angella Makwinja anabadwa pa 14 Malichi 1990, pa kachipatala ka pa esiteti, ali mwana woyamba mwa ana atatu a Bambo Raphael Nakhumwa ndi Mayi Fainess. Bambo awo ankagwira ntchito kufakitale, kumene amaumitsa tiyi. Amayi awo ankathyola tiyi m'munda, ndipo athyola mpaka chaka chathachi.

Mu 1996 anayamba Sitandade 1 konkuno kwa Kapichi. Mu 2001, ali Sitandade 6, bambo awo anamwalira atangodwala sabata imodzi. Sanasiye chithunzi. Chokhacho chimene anajambulitsa pa moyo wawo chinali pa khadi la ntchito, ndipo khadilo linabwezedwa ku ofesi pamodzi ndi ovololo. Malemu atakula anapita kukalifunsa, anawauza kuti mapepala akale onse anadyedwa ndi chiswe. Ankanena kuti nkhope ya bambo awo inawathawa pang'onopang'ono, mpaka anatsala akukumbukira chipewa ndi katsokomoledwe kokha.

Mu 2004 anasankhidwa kupita kusekondale yoyendera. Mayeso a Folomu 4 analemba mu 2007, sanakhoze bwino, analembanso mu 2008 ndi kukhoza. Dzinja la 2010 anathyola tiyi pambali pa amayi awo. Mu 2011 anapita ku koleji ku Blantyre kukaphunzira utolankhani, ndipo kumeneko ndi kumene anagwira kamera koyamba.

A Hazel akuti kamera inali imodzi kwa ophunzira asanu ndi atatu, ndipo umachita kulembetsa dzina kuti uigwire. Masabata oyamba zithunzi za malemu zinkatuluka zosaoneka, ngati munthu akuyang'ana ali ndi misozi m'maso. Anawaphunzitsa kugunditsa zigongono kunthiti, ndi kusiya kupuma kaye asanadine. Anawaphunzitsa za kabowo kolowera kuwala, kamene umakakulitsa kapena kukachepetsa, ndi za kachitseko kamene kamatseguka ndi kutsekeka msanga kuposa chikope. Koma chachikulu, akuti, chinali kuyang'ana kumene kuwala kukuchokera usanayang'ane munthu. Pophunzira zonsezi malemu ankajambula a Hazel m'mawa, masana ndi madzulo, pakhonde, pawindo, pamzere wa chakudya, mpaka a Hazel anatopa nawo nkuwauza kuti, "Iwe Angella, nkhope yanga yatha. Pita ukajambule agalu."

Kumapeto kwa teremu yoyamba aphunzitsi awo anapereka ntchito: aliyense akajambule munthu mmodzi amene amamudziwa bwino, ndipo maso a munthuyo azioneka. Malemu sanaganize kawiri. Analembetsa kamera Lachisanu, nakwera basi kubwera kuno.

Tsono nonse akuluakulu mukudziwa mmene ife tinaphunzirira kujambulitsa. Mjambuli ankabwera panjinga Lamulungu, anthu akuweruka kutchalitchi, dzuwa lili paliwombo. Ankatiimika pabwalo ndi kukuwa kuti tiyang'ane dzuwa. Tinakula tikudziwa kuti chithunzi chimafuna dzuwa monga chimanga cha pamphasa. A Fainess atamva kuti mwana wabwera ndi kamera, anasamba, anavala yunifomu yawo ya Mvano, bulauzi yoyera ndi duku loyera, nadikira mpaka masana. Kenako anakaima pakati pa bwalo, manja m'mbali ngati msilikali, nkhope kudzuwa. Maso anatsinzinika okha. Malemu atawatembenuza pang'ono, kuyera kwa nsalu kunanamiza kamera, nkhope inatuluka yakuda bii pansi pa duku. Anawapempha kuti akaime pakhonde, pamthunzi. Amayi awo anati, "Pamthunzi m'pogona agalu. Ndachapa ndi kusita yunifomu kuti ndikaime mumdima?"

Lolemba aphunzitsi anaonetsa chithunzicho pakhoma, pamaso pa kalasi yonse, nkufunsa kuti, "Uyu ndi munthu kapena chitsa chovala duku?" Anthu anaseka. A Hazel avomera kuti nawonso anaseka. Malemu sanaseke. Pambuyo pake aphunzitsiwo anafotokoza kuti nkhope ya munthu imaoneka bwino tsiku la mitambo, pamene kuwala kuli kofewa ndipo munthu satsinzina. Anawonjezera kuti, "Inu a ku Thyolo muli ndi chiperoni chaulere. Anzanu amagula nyale zodula kuti apeze kuwala kumene inu mumakutukwana."

Mu Juni 2012 malemu anabweranso ndi kamera, atadikira dala kuti chiperoni chiyambe. Nkhungu inali itaphimba minda, kamvula kakuwaza. A Fainess anakana. Anati, "Pa chiperoni ngakhale zovala siziuma, ndiye chithunzi chingatuluke? Kusukulu kwanuko akukuphunzitsani chiyani?" Malemu anawatsatira kumunda m'mawa mwake. Kumeneko amayi awo anakana kwambiri, chifukwa anali atadzimanga pulasitiki m'chiuno ndi dengu kumsana. Anati, "Ukufuna anthu a m'tauni akandione nditavala thumba?" Kamera inabwerera ku Blantyre ili ndi zithunzi za tiyi ndi nkhungu. Phunzirolo malemu anakhoza ndi chithunzi cha bambo wina wogulitsa nthochi pa Boma. Aphunzitsi anachitama. Malemu sanachiwerengere.

Mu 2013 anamaliza maphunziro awo. Anayenda m'maofesi a manyuzipepala zaka ziwiri, ntchito osaipeza. Mu 2015 anabwerera, natsegula kachipinda kojambuliramo pa Boma. Ambiri a inu munakhalapo pa kampando kawo kaja, pakhonde pamene ankapachika nsalu yoyera yotchinga dzuwa. Anajambula zithunzi za ziphaso, zinkhoswe, maukwati, ana a sukulu ndi makwaya. Ena munakangana nawo pofuna kuima padzuwa, koma potenga chithunzi munkachoka muli chete.

Pa 6 Ogasiti 2016 anamanga banja ndi Bambo Mervin Makwinja, amene amakonza mathirakitala pa esiteti. Mulungu anawapatsa ana awiri, Tamanda mu 2017 ndi Promise mu 2020.

Zaka zonsezi nkhani ya amayi awo sinathe. Chiperoni chikayamba, malemu ankatseka kachipinda kawo tsiku limodzi nkubwera kuno ndi chikwama paphewa. A Fainess akawaona akutsika kumsewu ankauza anansi kuti, "Wabwera uja wojambula mvula." Malemu anayesa kuwanyengerera, anayesa kuwabera chithunzi, koma makutu a achemwali angawa ndi akuthwa. Akangomva zipi ya chikwama ankadzifunda chitenje kumutu. Dzuwa likatuluka ankavala yunifomu okha, osapemphedwa, nkukaima pabwalo. Malemu ankajambula kuti asawakhumudwitse. Akamwini athu a Mervin andionetsa katoni ya zithunzi zimenezo. Zikupitirira makumi anayi, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chimene maso akuoneka.

Akuti tsiku lina malemu anatopa nkunena poyera kuti, "Amayi, sindikufuna ndidzakuiwaleni ngati mmene ndinaiwalira ababa." Amayi awo anayankha akusenda chinangwa, osadzutsa mutu, "Ndikupita kuti ine? Dikira dzuwa." Onse awiri ankaganiza monga timaganizira tonse, kuti wamkulu ndiye adzatsogola.

Mu Okutobala 2023 malemu anayamba kudandaula za m'mimba ndi msana. Anapita kuchipatala pa Boma, anawatumiza ku Blantyre, ndipo kumeneko anapezeka ndi khansa. Analandira thandizo miyezi isanu ndi iwiri, ulendo ndi ulendo, amayi awo ali pambali. Mu Meyi chaka chino madokotala anati abwerere kunyumba. Malemu anapempha kuti asapite kunyumba kwawo ku Boma koma abwere kuno, m'nyumba iyi ya amayi awo. Anapemphanso kuti chikwama cha kamera chikhale pafupi ndi pamene agona.

Zimene zinachitika pa 9 Julayi ndazimva kwa akamwini a Mervin. Linali tsiku lachitatu la chiperoni. Iwo akuti anali panja akuwaza nkhuni. A Fainess anali ataphika phala, odwala analikana, ndipo amayiwo anangokhala pansi pakhomo, chitseko chili chotsegula, mbale ili pamiyendo. Analibe duku. Anavala juzi yakale ya kumunda. Kuwala kwa nkhungu kunkalowa pakhomopo nkugwera mbali imodzi ya nkhope yawo, iwo akungoyang'ana mwana wawo. Ndiye kamera inalira. A Fainess anati, "Wandibera." Malemu anati, "Ndakupezani, amayi."

Akamwini anakatsukitsa chithunzicho pa Boma tsiku lomwelo, ndipo malemu anachiona. Amayi awo atachiyang'ana anati, "Ndikuoneka wotopa." Malemu anati, "Ndi mmene mulili." Anachiika pansi pa pilo. Kuyambira tsiku limenelo sanafunsenso za chikwama.

Malemu anatisiya m'mawa wa Loweruka, pa 27 Julayi 2024, ali ndi zaka 34.

Chithunzicho ndachiona dzulo. Maso ali otsegula. Achemwali angawa ndinawabereka kumsana ali khanda, koma sindinkadziwa kuti ali ndi kachipsera pansi pa diso lakumanzere. Iwo mpaka lero akuti chikanakoma akanavala yunifomu, dzuwa lili bwino. Komabe pamene akhalapo apo, chili m'chitenje chawo, ndipo sakulola kuti chizungulire.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Mervin Makwinja, ana awiri, Tamanda ndi Promise, amayi awo, Mayi Fainess Nakhumwa, ndi alongo awo awiri, a Nathan ndi a Anderson.

M'malo mwa banja ndithokoze amayi a Mvano amene anasinthana kudwazika matenda miyezi iwiri yathunthu. Ndithokoze anzawo a akamwini a kugalaja amene anapeza galimoto ya maulendo a ku Blantyre, ndi amayi anzawo a achemwali a kumunda amene ankabwera ndi nkhuni akaweruka. Ndithokoze anamwino amene anawasamala, abusa, mafumu amene atipatsa malo, ndi adzukulu amene akumba m'dothi lonyowa kuyambira m'mamawa. Ndithokozenso Mayi Hazel, amene anauza munthu wachilendo m'basi zimene ine, mtsibweni, ndinayenera kuzidziwa kale. Mulungu abwezere pamene mwachotsa. Mzimu wa Angella ukapume mumtendere, pakuti unatopa.

Ndisanakhale pansi, pali chimodzi chimene sindingabise, poti mwandituma kunena zoona. Kamera ija ndinainyamula dzulo. Ndi yolemera ngati njerwa. Pa 9 Julayi malemu sankathanso kugwira kapu ya madzi, ankamwetsedwa ndi supuni. Ndinawafunsa akamwini a Mervin ngati analidi panja. Anayang'ana pansi nkunena kuti, "Anajambula ndi iwowo." Ndinawafunsa a Fainess kuti anaona chiyani. Anati, "Achimwene, ine ndimayang'ana mwana wanga, osati kamera." Mbiriyi ndainena monga ndinaimvera. Koma ine sindikukhulupirira kuti manja aja anainyamula okha, ndipo sindidzafunsanso.