Womvera Mmodzi wa ku Manja

A Yona a ku Chitawira ankalakatula ndakatulo pa Fesibuku m'mawa uliwonse, anthu n'kumawamvera pompopompo, ndipo kadiso ka pakona kowerenga omvera kankasonyeza womvera mmodzi yemweyo, mayi wina dzina lake Beatrice. Akazi awo atalamula kuti masewerawa athe akafune ntchito, mkuluyu anakwera minibasi mpaka kumsika wa Limbe, kumene Fesibuku inkasonyeza kuti amagulitsako, kukamuona mayiyo ndi maso, kuti abwerere ndi umboni wotseka nawo anthu pakamwa.

Anawapeza akupinda kaunjika pabenchi.

"Mayi, ndine Yona. Wandakatulo uja."

"Ii! Tayankhulaninso." A Beatrice anatsinzina. "Eya, ndinudi. Koma mawuwo ine ndimayesa ndi a chimunthu chachikulu."

A Yona anakonza kolala, mtima uli myaa. "Ndi mphatso, mayi. Tandiuzani, inakukhudzani kwambiri ndi iti?"

"Yaitali ija."

"Misozi ya Mtsinje wa Mudi?"

"Kaya. Yaitali basi. Zifupizifupizi musiye, zimandiika pamavuto."

"Mwamva!" anakuwa a Yona, akuloza kumene kuli Chitawira ngati akazi awo aima pomwepo. "Kunyumba amati ndimatalikitsa!"

"Talikitsani, bambo, mpaka ine nditaweruka. Muzikhosomolanso pafupipafupi."

"Kukhosomola?"

"Ndi kukalipa komwe. Tsiku lija munazazira mwana kuti atseke chitseko, aneba onse anachita mantha."

"Aneba onse! Ndiye kuti mumamvera pagulu?"

"Sipika ndinagula yaikulu."

Abale, misozi inalengeza m'maso mwa munthu wamkulu. Zaka zonsezi kumangodandaula za kadiso kamodzi, osadziwa kuti kuseri kwake kuli khamu!

"Mumakhala angati m'nyumbamo?"

"M'nyumbamo? Simukhala munthu."

"Nanga inuyo?"

"Si mukundiona kuno? Kaunjikayu adzigulitsa yekha?"

A Yona anagwira benchi. "Sindikumva, mayi."

"Kwathu ku Manja akuba amathyola dzuwa likuswa mtengo. Amuna anga ali ku Joni. Ndiye mukangoyamba m'mawa, ndimaika foni yakale kuseri kwa katani, n'kulumikiza sipika, ine n'kukiya chitseko. Aliyense wodutsa amadziwa kuti muli bambo m'nyumba, wolongolola."

"Ndiye simunamvepo ngakhale mzere umodzi?"

"Ndimamva. 'Moni okondedwa anga.' Pamenepo ndimakhala ndili pa loko."

"Okondedwawo ndimanena inu!"

"Zikomo. Galu ndinali naye, koma amafuna chakudya, kwinaku kuluma ana a eni. Inu ndi bandulo basi."

Zinawapweteka a Yona, zinawafika pamtima penipeni. Wina akanatsanzika pomwepo. Koma iwowa ndi munthu woti ukamutulutsa pakhomo amalowera pawindo. Anaimika chala m'mwamba.

"Komabe! Mawu anga akugwira ntchito. Ndakatulo ikulondera nyumba za anthu! Alipo wandakatulo wina mu Blantyre muno amene akuba amamuopa? Izi ndikawauza akazi anga lero lomwe."

"Imalondera kale. Dzulo athyola."

"Ha! Ine ndili mkati molakatula?"

"Muli mkati, bambo. Atenga wailesi ya kanema, matiresi, mbaula, ndi makatani omwe. Aneba akuti sanafulumire n'komwe, anakhalitsa m'menemo."

Maso a a Yona anawala ngati magetsi abwera.

"Anakhalitsa! Mwaona? Anakhala pansi kumvera! Mayi, dzulo ndinali ndi omvera enieni, a makutu awo! Anali angati?"

"Akuti atatu."

"Atatu! Chiyambire sindinafikepo atatu! Ndiye foniyo anapita nayo eti, kuti akamalizire kwawo?"

A Beatrice anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa kafoni kong'aluka galasi.

"Pa ziwirizi, sipika yokha ndi imene anapita nayo. Foniyi ndinaipeza pansi, mukulakatulabe, ataivundikira ndi beseni."