Masabata Atatu Tikuzengereza Padoko

Kale, amayi anu aChikondi akadali ku pulayimale, mzinda wa Hamilton, kufupi ndi Toronto kuno, ukadanunkha utsi wa zitsulo kuposa lero, ine agogo anu ndinali wantchito wapadoko. Ndikukuona ukudabwa iwe Tadala, chifukwa umandidziwa ndili mu jekete ndi tayi Lamulungu, koma manja awa akoka zingwe zachitsulo m'mphepo yong'amba milomo. Ikani kaye mafoniwo pansi, chakudya sichinapse, ndipo amene Chichewa chikumuvuta afunse mnzake, ine sindimasulira.

Kwathu ndinali kalaliki wa njanji ku Balaka, munthu wa cholembera, koma agogo anu aakazi atapeza ntchito ya unamwino kuno ine n'kuwatsatira, makalata anga a sukulu palibe amene anawayang'ana kawiri. Amene anandipulumutsa ndi aZulu, bambo wa ku Chipata amene tinakumana kutchalitchi, munthu wamtali, wamawu ngati ng'oma, woseka msanga ndi wopsa mtima msanga. Iwowo ndiwo ananditengera ku kampani ina imene inkakweza ndi kutsitsa katundu m'sitima zapamadzi, ndipo dzina lake sinditchula, eni ake anapita kalekale.

Masiku ano mukadutsa padoko muona makina ambiri, anthu owerengeka, koma nthawi imeneyo sitima imodzi inkafuna chigulu cha anthu, ena m'mimba mwa sitima akumanga katundu, ena pamtunda akumasula, mmodzi m'mwamba akuyendetsa kireni, chimakina chonyamulira katundu. Tinkatsitsa zitsulo zokulungidwa ngati mphasa, mchere wothira m'misewu, ndi feteleza. Ntchito yanga inali yoima pamwamba pa sitima n'kumapereka zizindikiro ndi manja kwa woyendetsa kireni, poti iye sankaona pansi, ndipo dzanja langa likalakwa pang'ono munthu akanaphwanyika. Kapitawo wathu, mzungu wina dzina lake Martin, ataona kuti ndimalemba bwino, ankandipatsanso mapepala a mashifiti kuti ndizimukopera.

Chaka chimenecho, masamba atayamba kufiira, kunabwera sitima itanyamula mabokosi akuluakulu, ndipo tinawatsitsa ife tomwe, mosamala ngati mazira. Patapita masiku tinamva kuti munali makireni atsopano, okhala ndi makamera ndi kompyuta, oti munthu mmodzi aziona yekha pansi ndi kunyamula katundu popanda omangirira ambiri. AZulu anaseka kuseka kowawa, n'kundiuza m'kalankhulidwe kawo ka ku Chipata kuti, "Manje aMbewe, tadzitsitsira tokha mabokosi a maliro athu."

Tinakumana ku holo ya yuniyoni, bungwe lathu la apantchito, ndipo anthu ankakuwa kuti tinyanyale ntchito mawa lomwe. Koma mtsogoleri wathu anatiletsa. Anati mgwirizano umene tinasayinirana ndi kampani sunathe nthawi yake, ndipo lamulo la dziko lino sililola sitalaka mgwirizano ukadali moyo. Anthu anatuluka akung'ung'udza, koma m'mawa mwake, tili m'chipinda chodyera mtsogoleri kulibe, aZulu anaimirira pa benchi.

"Ndani wanena za sitalaka?" anatero. "Ntchito tizigwira, koma tizigwira ngati nkhono. Lamulo lililonse la chitetezo tilitsate mpaka kumchira. Chingwe tizichiyang'ana katatu. Atiimba mlandu wanji, woti tasamala kwambiri?"

Tonse tinakweza manja, ndipo langa linali m'gulu la oyamba, sindikubisirani.

Adzukulu anga, mukanaona masabata atatu amenewo mukanaseka mpaka nthiti kuwawa. Amuna amene ankathamanga ndi katundu anayamba kuyenda ngati akuperekeza mkwatibwi. Munthu ankatenga chingwe, kuchitembenuza, kuitana mnzake kuti achionenso, mnzakeyo n'kuyamba wapukuta magalasi. Ine dzanja langa linkakwera pang'onopang'ono ngati la wansembe podalitsa. Martin ankafiira nkhope, koma akakalipa tinkamuonetsa buku la chitetezo limene kampani yomweyo inalemba.

Koma walira mvula walira matope. Inu mukudziwa kuti kuno chisanu chikafika, njira ya madzi yopita kunyanja yamchere imatsekedwa mpaka dzinja la kuno lithe, ndipo sitima imene yachedwa imagona pomwepo miyezi. Sitima zinayamba kundandalikana kunja kwa doko. Tsiku lina wophika wa m'sitima imene tinkatsitsa, bambo wa kudziko lakutali kum'mawa, anandibweretsera tiyi wotentha, n'kundionetsa chithunzi cha mkazi wake ali woyembekezera. M'Chingerezi chake chothyokathyoka anandifunsa kuti, "Bwenzi, titha liti? Madzi akaundana ine sindifika kwathu." Ndikumwa tiyi uja ndinaona kuti ndodo imene tinkakwapulira kampani inkagweranso pamsana pa wantchito mnzathu.

Kampani sinakhale chete. Inakatisumira ku bwalo la boma loona milandu ya apantchito, aZulu inawaimika ntchito kuti ndiwo anayambitsa, ndipo ine ndinalandira kalata yondiitana kuti ndikhale mboni, popeza liwiro la kireni linkachokera m'dzanja langa. Madzulo a tsiku lomwelo aZulu anafika kunyumba, osavula ndi chipewa chomwe.

"AMbewe, akakufunsani mukanene kuti sitinapangane. Aliyense anangoyamba kusamala payekha. Mwamva?"

"Koma ndikalumbira ndi Baibulo m'manja, aZulu."

"Baibulo lija silinena kuti uzikonda mnzako? Ndine ndinakubweretsani padoko ine."

Atapita, agogo anu aakazi, amene anamva zonse ali kukhitchini, anabwera n'kundiuza kuti, "Bambo a Chikondi, inu ndinu munthu wa mapepala. Bwanji mukulira musanawerenge? Safunsa anadya phula."

Lero mumangofunsa foni n'kukuyankhani pomwepo, koma ine ndinakwera basi kupita ku laibulale, n'kupempha buku la malamulo a ntchito, ndipo ndinakhala nalo Loweruka lonse ndi dikishonale pambali. Chimene ndinapeza poyamba sichinali chotikomera. Lamulo linkati sitalaka si kusiya ntchito kokha ayi, ngakhale kuzengereza mopangana kuti ntchito ichepe ndi sitalaka yomweyo. Nzeru zathu zija, amene analemba lamulo anali ataziona kale. Koma nditapitiriza kutsegula masamba ndinapeza mbali ina, yonena kuti bwana akafuna kubweretsa makina oti asinthe ntchito za anthu ambiri, ayenera kudziwitsa yuniyoni m'kalata nthawi ikadalipo, kuti anthu akhale pansi akambirane. Ife kalata yotero sitinailandire.

Lolemba ndinapita kwa loya wa yuniyoni, mayi wina wa imvi dzina lake Helen, ndikudziona ngati ndatola golide. Iye anamwetulira n'kunena kuti mbali imeneyo amaidziwa, koma vuto linali loti kampani ikukana, ikuti makinawo sachotsa munthu aliyense, ndipo umboni wotsutsa panalibe. Pamenepo ndinakumbukira kuti masabata angapo m'mbuyomo Martin anandipatsa mapepala a mashifiti a chaka chotsatira kuti ndikopere, ndipo magulu onse anali odulidwa pakati, ntchito yanga ya zizindikiro itatsala pa sitima zochepa chabe. Nthawi imeneyo ndinkayesa kuti walakwitsa polemba.

Mayi uja anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Bambo Mbewe, zimenezi mukazinene kubwalo, ndipo ine ndipempha kuti mapepalawo atulutsidwe. Koma mudziwe kuti ayamba kukufunsani za kuzengereza. Mukanama pa funso loyamba, lachiwiri palibe akukhulupirireni."

Tsiku la mlandu tinakwera sitima ya pamtunda kubwera ku Toronto kuno, ndipo sikunali ngati khoti la m'mafilimu, chinali chipinda chabe cha matebulo aatali, akuluakulu atatu atakhala kutsogolo. Anzanga anadzaza mipando ya kumbuyo, aZulu ali pakati pawo. Loya wa kampani anandifunsa mwaulemu kwambiri.

"Bambo Mbewe, kodi munapangana kuti muzigwira ntchito pang'onopang'ono?"

Ndinati, "Inde, tinapangana."

"Anayambitsa ndani?"

"Amene analankhula ndi aZulu, koma tonse tinakweza manja, ndipo dzanja limene linkachedwetsa kireni ndi ili."

Ndinamva mpando ukukokedwa kumbuyo, kenako chitseko, ndipo sindinafunike kucheuka kuti ndidziwe amene watuluka. Kenaka anaimirira mayi Helen n'kundifunsa za mapepala aja, ndipo ndinafotokoza zonse monga ndinaziona. Martin ataitanidwa, ndimupatse ulemu wake, naye sananame. Anangoyang'ana pansi n'kuvomera kuti mapepalawo alipo.

Chigamulo chinabwera ndi mano mbali zonse ziwiri. Ife anatiuza kuti zimene tinkachita zinali sitalaka yosaloledwa, tisiye nthawi yomweyo. Kampani anaiuza kuti isayambe kudula anthu ndi makina ake isanakhale pansi ndi yuniyoni. M'mawa mwake tinagwira ntchito ngati ziwanda, ndipo sitima zonse zinatuluka madzi asanaundane, ya wophika uja inali yachiwiri kunyamuka.

Zokambirana zinatenga nyengo yonse yachisanu. Musaganize kuti tinapambana zonse, ayi, makina anakhalabe ndipo ntchito zina zinathadi, koma palibe amene anathamangitsidwa ngati galu. Achikulire analoledwa kupuma msanga ndi penshoni yawo, otsala tinalonjezedwa maphunziro a makina atsopano, ndipo aZulu anabwezedwa pantchito atangopatsidwa kalata ya chenjezo. Koma ine sanandilankhule. Kutchalitchi ankakhala mbali ina, pa mwambo wopatsana moni wa mtendere ankayang'ana kudenga, ndipo anzathu ena padoko ankati ndikamadutsa amvekere, "Uyo wa Baibulo uyo." Zinandipweteka, adzukulu anga, kuposa chisanu, chifukwa kuno kutali munthu amene umalankhula naye chilankhulo chako ndi m'bale wako.

Madzi atasungunuka, ine ndi imvi zanga zoyamba ndinakhala m'kalasi kuphunzira kuyendetsa kireni yatsopano. Ndinalephera mayeso koyamba, koma kachiwiri ndinakhoza. Tsiku langa loyamba m'mwamba tinkatsitsa zitsulo zazitali zimene kamera sinkaziona bwino kumapeto, ndiye panafunika munthu wa zizindikiro pansi monga kale, ndipo nditasuzumira ndinaona kuti amene Martin waika pamenepo ndi aZulu. Moyo wawo unali m'manja mwanga, ndipo ntchito yanga inali m'manja mwawo.

Anakweza dzanja, ine n'kukweza katundu. Anatambasula chikhatho, ine n'kuima. M'mawa wonse tinalankhulana choncho popanda liwu limodzi, ndipo sindinaonepo zizindikiro zomveka bwino ngati za tsiku limenelo. Nthawi ya nkhomaliro itakwana anayang'ana m'mwamba, n'kupanga chizindikiro chimene mulibe m'buku lililonse, anasonkhanitsa zala n'kuziloza pakamwa, kenako n'kundikodola kuti nditsike.

Ndinawapeza atakhala pa thabwa, atatsegula kontena ya mbatata ndi nyemba. Anandikankhira osandiyang'ana, ndipo tinayamba kudya.

"Mumatsitsa mothamanga kumapeto," anatero. "Muzichepetsako."

"Ndamva, aZulu."

"Ndinakwiya, aMbewe. Mpaka manje ndikadakwiyako pang'ono. Koma akazi anga akuti zikanakhala kuti ndinapeza mboni yabodza monga ndinkafunira, lero bwenzi tonse tili kunyumba tikuonera TV."

Tinagwira limodzi zaka zambiri kuchokera pamenepo, mpaka tonse tinapuma, ndipo ndi iwo amene anayendetsa mwambo pa ukwati wa amayi anu. Ndikakhala pansi n'kuganiza, ine ndilibe chodandaula. Ndinadya thukuta langa, ndinaphunzira ntchito yatsopano pa msinkhu umene ena amati mutu wauma, ndipo palibe munthu amene anavulala pansi pa kireni yanga.

Tsono inu amene mukulowa ntchito masiku ano, makina anu ndi ochenjera kuposa athu, ndipo tsiku lina adzafika pakhomo la ntchito yanu ali m'mabokosi. Musadzachite mantha nokhanokha, mudzaime ndi anzanu, poti mutu umodzi susenza denga, koma musanakweze dzanja mudzayambe mwawerenga chimene lamulo likunena, mbali yokukomerani ndi yokuwawani yomwe. Ndipo mnzanu akadzakukwiyirani chifukwa mwanena zoona, musadzamuthamangire ndi mawu ambiri, komanso musadzamutaye. Mudzangogwira ntchito yanu bwino pamene iye akuona, n'kumusiyira malo pa benchi. Mkwiyo wa munthu wabwino umatopa wokha.