Munthu Ali ndi Amayi Angati?

Moni abale ndi alongo. Moni akulu a mpingo. Mtendere wa Ambuye ukhale pa inu.

Ine ndine Zakeyo Mwale. Mumandidziwa. Ndine nkhalamba yosaseka ija imakhala pa benchi la kumbuyo. Abusa andipempha katatu kuti ndiime pano. Kawiri ndinakana. Lero ndavomera chifukwa miyendo yayamba kundiuza kuti masiku atsala ochepa. Ndilankhula kamodzi. Sindidzabwereza.

Ndinaphunzira pa sukulu ya mishoni ku Madzimoyo mpaka Sitandade 4. Masiku amenewo Sitandade 4 sanali masewera. Ndinkalemba kalata ya Chingerezi popanda wondigwira dzanja. Dzombe litangodutsa m'dziko muno, ndinalembedwa ntchito pa famu ya fodya, njira ya ku Chipangali. Mwini famu anali mzungu. Dzina lake sinditchula m'nyumba ya Mulungu. Tinkamutcha Bwana Kaliwo, chifukwa kaliwo wa fodya sankachoka pakamwa pake.

Tsiku londilemba anandifunsa za kwathu. Ndinamuuza kuti ndine wamasiye, amayi anamwalira ndikukwawa, anandilera ndi a mishoni. Abale, theka lokha linali loona. Amayi ondibala anamwaliradi ndikukwawa. Koma anandilera si a mishoni. Anandilera ndi akulu awo a amayi, aNabanda. Anandiyamwitsa bere limodzi ndi mwana wawo. Sindinawatchulepo dzina lina koma amayi. Ndinawabisa chifukwa anali ndi mphini kumaso, ndipo sankadziwa chilembo ngakhale chimodzi. Sungani mawu amenewa. Tibwererako.

Ndinakhala kapitawo, woyang'anira antchito. Anandipatsa wezulo woitanira antchito ndi kabudula wa khaki. Koma ntchito yanga yeniyeni inali kumasulira. Mzungu akalankhula, mawu ake ankadzera mwa ine. Antchito akadandaula, dandaulo lawo linkadzera mwa ine. Ndinali khomo. Ndikafuna ndinkatsegula, ndikafuna ndinkatseka. Ndinkanyada nazo.

Pa famupo panali munthu dzina lake Andireya Phiri. Ankasonkha moto m'mabalani, nyumba zazitali zija zoumitsira fodya. Ntchito imeneyo si ya munthu wamba. Moto ukachepa tsamba limawola, ukachuluka limapsa. Mzungu anali ndi kagalasi koyezera kutentha. Andireya ankangoika tsaya pakhomo la balani n'kudziwa. Anali wanthabwala. Ine ankanditcha a Sitandade, ndipo ankati ndikayetsemula ndimayetsemula m'Chingerezi. Anthu ankaseka. Ine sindinkaseka.

Tsiku lina m'nyengo youmitsa fodya, mabalani onse ali odzaza, kunabwera uthenga wa maliro. Andireya anabwera kwa ine manja ali phulusa lokhalokha. Anati amayi amwalira, tipite kwa Bwana akapemphe masiku atatu. Tinapita. Ndinamasulira. Bwana anachotsa kaliwo pakamwa, nayamba kuseka. Anati munthu yemweyu anaika amayi ake chaka chatha, ndipo anamupatsa masiku. Nanga adzukanso kuti afe kachiwiri?

Abale ndi alongo, inu nonse mukudziwa pamene panali vuto. Kwa azungu mayi ndi mmodzi. Mng'ono wa amayi ali ndi dzina lina, dzina la munthu wapatali, wobwera kudzacheza. Kwathu kuno mng'ono wa amayi ndi amayi. Mkulu wa amayi ndi amayi. Chaka chathacho Andireya anaika omubala. Tsopano anali atamwalira amayi aang'ono. Mawu khumi akanakwana kufotokoza zimenezo. Mawuwo ndinali nawo.

Bwana anatembenukira kwa ine.

“Zakeyo, iwe ndiwe wophunzira. Munthu ali ndi amayi angati?”

“Mmodzi, Bwana.”

Ndinatero. Ine amene ndinayamwa bere la aNabanda, ndinatero. Ndinasekanso naye. Ndinaopa kuti andiona ngati munthu wa kumudzi. Ndinaopanso kuti moto ukasowa mwini, mlandu wa fodya ugwera ine.

Andireya sankamva Chingerezi, koma kuseka anakumva. Anandigwira mkono nati, “A Kapitawo, muuzeni kuti ndi amayi aang'ono. Inu mukudziwa.” Ndinamuyankha kuti Bwana wakana, abwerere ku moto. Mawu akewo sindinawawolotse. Anafera mwa ine.

Andireya anapita ndithu kumaliro. Ndani sakanapita? Moto tinapatsa munthu wosadziwa, fodya wa balani imodzi n'kupsa. Masiku amenewo kuchoka pa ntchito popanda chilolezo unali mlandu wa ndende. Amesenjala a boma anakamutenga kumudzi, dothi la pamanda lisanaume. Mlandu unakambidwa ku Boma, m'tauni imene lero mukuti Chipata. Anandiitana ngati mboni. Ndinagwira Baibulo. Anandifunsa ngati amayi a munthuyu anamwalira chaka chatha. Ndinati inde. Sanandifunse zina, inenso sindinaonjeze. Andireya anapatsidwa miyezi itatu yoswa miyala, nthawi ya mvula. Pa chitupa chake, pepala lija munthu ankaonetsa pofuna ntchito, analembapo kuti ndi wothawa ntchito. Ndi chitupa chotero palibe famu imene ikanamulemba.

Ine ndinabwerera ku wezulo wanga. Ndinkadya bwino. Ndinkagona bwino. Musaganize kuti chikumbumtima chinandivutitsa. Sichinandivutitse.

Zinapita mvula ziwiri. Nyengo yomweyo ya mabalani, uthenga unabwera kwa ine. ANabanda amwalira.

Ndinapita kwa Bwana chipewa chili m'manja. Ndinati amayi amwalira. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Munthu uja sankaiwala kanthu. Anandikumbutsa kuti ndine wamasiye woleredwa ndi a mishoni. Ndinayamba kufotokoza za akulu awo a amayi. Anakweza chala chimodzi.

“Mmodzi, Zakeyo. Unandiuza wekha.”

Sanakalipe. Anangobweza kaliwo pakamwa. Ndipo ine, abale, sindinachite monga Andireya. Sindinapite. Ndinaima pa balani ndi wezulo wanga tsiku limene ankaika amayi anga m'manda.

Fodya atatha ndinapita kumudzi. Ndinapeza ndi tsiku lometa maliro. Abale onse anakhala pansi pabwalo, amalume akuwameta mmodzimmodzi monga mwa mwambo. Ndinavula chipewa. Ndinakhala pa mzere. Atafika pa ine, amalume anapukuta lumo pa nsalu yawo nandidumpha. Ndinati, “Amalume, ine?” Anayankha osandiyang'ana.

“Timameta ana a malemu. Inu tamva kuti amayi anu ndi mmodzi, ndipo tinaika kale mukukwawa.”

Mawu anga anali atafika kumudzi ine ndisanafike. Ndinachoka ndi tsitsi langa.

Pasanapite chaka, Bwana anabweretsa kalaliki wachinyamata wa Sitandade 6. Ine anandichotsa ngati tsamba lapansi la fodya, lija timathyola n'kutaya. Ndinasiya wezulo patebulo. Panalibe wantchito mmodzi amene anandiperekeza. Ndinayenda mafamu onse kufuna ntchito. Paliponse ndikafika, antchito ankakodolana kuti a Mmodzibwana abwera. Limenelo linakhala dzina langa. Munthu wa Sitandade 4, ndinkalima m'minda ya eni kuti andipatse chakudya. Kenaka chitsa chinandibaya pamwendo, chilonda n'kukula mpaka kununkha. Ndinakwawa ndi ndodo mpaka ku chipatala ku Tamanda. Wondidikirira ndinalibe.

M'mawa wina ndinatuluka kukaothera dzuwa pakhonde. Panali munthu wowonda atatsamira khoma, akutsokomola. Sindinamuzindikire. Iye anandizindikira.

“A Sitandade. Kodi chilondacho chikuwawa m'Chingerezi?”

Anali Andireya. Chifuwa anachitenga ku miyala ija. Ndinafuna kuthawa, koma mwendo unakana. Ndinakhala pansi. Anandifunsa ngati n'zoona kuti sanandimete. Ndinati n'zoona. Sanaseke. Mlongo wake atabweretsa phala, anamuuza kuti agawe pawiri. Mlongoyo anakana, nati sangadyetse munthu amene anapha mlongo wake akali moyo. Andireya anagawa yekha ndi supuni. Ndinadya. Ndinali ndi njala.

Ndinapempha chikhululukiro. Kanali koyamba m'moyo wanga. Musayembekeze kuti anandikumbatira. Anati chikhululukiro sichifufuta chitupa. Kenaka ananena mawu amene ndimawamva mpaka lero.

“Ankati ndinu womasulira. Ine simunandimasule. Munandimanga. Pakamwa pomwepo mukamasule napo wina, ndiye mudzabwere tidzakambe.”

Tsiku limenelo ndinapemphera kuseri kwa chipatala. Pemphero langa linali lalifupi. Ndinati, Ambuye, ndinagwira buku lanu n'kunama. Mukandibwezera mwendo, mawu a munthu sadzaferanso mwa ine. Mwendo unapola. Chipsera chilipo.

Inali nthawi ya nkhondo yaikulu yachiwiri. Boma linali litaika mzungu woona za antchito, womva milandu ya pakati pa antchito ndi mabwana awo. Koma wantchito akafika pamaso pake ankaopa kulankhula, ndipo womasulira nthawi zambiri anali kalaliki wa bwana yemweyo. Ine ndinapita m'tauni kufuna pokhala kuti ndizilembera antchito makalata a madandaulo. Akhristu anzanga anaopa kundibwereka khonde. Anandibwereka ndi telala wachiYao, Che Saidi, Msilamu. Ndikunena pano kuti mumve. Anasuntha makina ake, nandipatsa bokosi lokhalira.

Kumeneko kunabwera mayi wina kudzandiuza za mlongo wake, Filimoni Mbewe, wantchito wa pa famu ya Bwana Kaliwo. Anali m'manja mwa amesenjala. Anali atapempha kukaika mwana wake, Bwana n'kunena kuti ndi wabodza, pakuti sanakwatire ndipo alibe mwana. Filimoni anapita ndithu. Womwalirayo anali mwana wa mkulu wake. Msampha womwe uja, abale.

Tsiku la mlandu ndinalowa m'nyumba ya milandu ku Boma ndi kukhala kumbuyo. Kalaliki wa Sitandade 6 uja ankamasulira. Mzungu wa za antchito anafunsa ngati Filimoni ali ndi mwana. Kalaliki anayang'ana Bwana Kaliwo, nayang'ana pansi. Ndinaona pakamwa pake pakukonza yankho langa lija. Ndinaimirira. Mesenjala anandikalipira kuti ndikhale pansi. Sindinakhale. Mzungu anafunsa kuti ndine yani. Ndinayankha m'Chingerezi changa cha ku Madzimoyo kuti ndine munthu amene analumbira zabodza m'nyumba yomweyi.

 Mzunguyo anandichenjeza kuti mawu amenewo angandilowetse m'ndende. Ndinati ndikudziwa. Ndinafotokoza zonse. Ndinati kwathu mwana wa mkulu wako ndi mwana wako, mng'ono wa amayi ako ndi amayi ako, ndipo wosapita kukawaika sakhalanso munthu pamudzi. Ndinatchula Andireya Phiri. Ndinatchula aNabanda, mokweza, pamaso pa azungu awiri. Bwana Kaliwo anaimirira nkhope itafiira.

“Zakeyo, unandiuza kuti mmodzi.”

“Ndinanama, Bwana. Ine ndinali nawo awiri.”

Mzungu wa za antchito anaitana mesenjala wamkulu, munthu wachikulire, namufunsa ngati n'zoona. Mesenjala anati iyeyo anali nawo anayi. Anthu anaseka. Filimoni anamasulidwa, nabwerera pa ntchito. Anagwirizana kuti pa famu imeneyo wantchito azipatsidwa masiku atatu a maliro, mkulu wa kumudzi akachitira umboni. Ine sanandimange. Anangondiuza kuti ndine munthu woipa. Sindinatsutse.

Ndinapempha chinthu chimodzi, kuti afufute mawu aja pa chitupa cha Andireya. Anati mlandu wakale unatsekedwa. Ndinanyamuka wapansi kupita ku Tamanda kuti ndikamuuze kuti ndamasula mmodzi, tikambe tsopano. Ndinapeza mlongo wake akumanga katundu. Anali atamuika masiku anayi apitawo. Mlongoyo sanandilole kuona manda. Anachita bwino.

Choncho, abale, musandifunse ngati Andireya anandikhululukira. Sindikudziwa. Tinapangana kukamba, sitinakambe.

Ndinabwerera pa bokosi la Che Saidi. Ndinakhalapo zaka zambiri. Ankabwera omenyedwa ndi akapitawo, omanidwa phoso la chakudya, ochotsedwa ntchito chifukwa cha matenda. Ndinkapita nawo. Milandu ina tinapambana. Yambiri tinagonja. Nthawi zina wolakwa anali wantchito, ndipo ndinkamuuza pamaso. Ena anandida chifukwa cha zimenezo. Lamulo langa linali limodzi. Chimene munthu wanena ndichiwolotse chonse, chokoma ndi chowawa, kwa mzungu ndi kwa wakuda.

Lero ndimakhala kwa mdzukulu wanga. Ndimalima mtedza pang'ono. Maso atha, kalata sindilembanso. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha mwendo, chifukwa cha phala la Andireya, ndi chifukwa cha khonde la Msilamu. Ndikumuthokozanso kuti sanandiphe ndili ndi wezulo m'khosi. Inu ana amene mwaphunzira kuposa ine, amene mumaima pakati pa bwana ndi wantchito, mwamva. Sindikupemphani kuti mundimvere chisoni. Sindichifuna.

Amalume anamwalira osandimeta. Palibe wina amene ndinamulola kugwira lumo pamutu panga chifukwa cha maliro a aNabanda. Ndinadikira. Tsopano onani mutu uwu. Palibe tsitsi ndi limodzi lomwe. Anandimeta ndi Mulungu mwini, pang'onopang'ono, tsitsi limodzilimodzi. Ndiye kuti Iye anandiwerenga pa mzere wa ana a malemu.

Ndatha. Amen.