Mawu a Aniceto Asafufutidwe

Olemekezeka bambo administradori a boma lathu la Marávia. Olemekezeka mayi shefi wa posto, oyang'anira dera la Malowera, amene mwapirira fumbi la msewu wonsewo pa njinga yamoto. Olemekezeka mafumu a kuno ku Fíngoè ndi a ku Chipera. Bambo padiri ndi abusa a mipingo yonse. Aphunzitsi a pa shikola. Oimba a gulu la Makala Amoto. Mwini malo ano, Elisângela Artur, mwana wa mlongo wanga. Amayi ndi abambo nonse amene mwakhala padzuwa chifukwa mthunzi wachepa, landirani ulemu wanga.

Ine ndine Nazário Bento. Za kujambula nyimbo sanandiphunzitse munthu. Ndinayamba ndi kuphwasula mawailesi a anthu ku Ukwimi, ku Zambia, kumene nkhondo inatithamangitsira. Ena ndinawakonza, ena ndinawapheratu, ndipo eni ake ena ali pompano, akundiyang'anabe ndi diso lomwe lija. Kuchokera apo ndakhala zaka zambiri ku Tete ndikujambula makwaya ndi mabandi. N'chifukwa chake mwandipatsa sizasi kuti ndidule nsalu ili pakhomoyi, ndikutsegulireni situdiyo yoyamba ya m'dera lino.

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa zoyenera kuthokoza zilipo. Makoma a chipinda ichi ndi okhawo amene anatsala nyumba ya malemu Artur, bambo ake a Elisângela, itawotchedwa pa nkhondo. Titabwerera kwathu mu 1994 tinapeza mtengo utamera pakati pake, Elisângela ali kumsana kwa amake. Lero pamwamba pali malata ndi sola, m'makoma muli matiresi ogwira phokoso, pangodya pali komputadori, ndipo zonsezi wazisonkhanitsa ndi mwana wamkazi amene ambiri munkamuseka. Ena mumafunsa kuti nyimbo za roki zikufunanji ku Marávia. Tinabwera nazo m'makutu kuchokera ku Zambia, magitala olira ngati munthu akung'amba chitenje, ndipo ana athu anazitola monga anatolera chinenero.

Koma mtima wanga suli m'malo, ndipo ine kubisa mawu sindidziwa.

M'komputadori muja muli tizida tosagwirika ndi manja totchedwa mapulagini. Ukajambula woimba, mawu ake amadutsa m'menemo. Pulagini ina imachepetsa kugunda kwa besi ikachuluka, ina imagwira ng'oma kuti zisakwere mopitirira, ina imachititsa munthu kumveka ngati akuimbira m'tchalitchi chachikulu. Si zoipa ayi, inenso ndimadyera momwemo. Koma mwana uyu atapita ku Tete, mnzake wina anamuthirira mapulagini mazana atatu ndi khumi ndi awiri. Mukuwomba m'manja? Lekani. Munthu amene wanyamula makasu mazana atatu paphewa salima, amangogwa nawo.

M'mawa uno, ndisanamwe n'komwe madzi, wandikokera m'chipindamo.

"Atsibweni, khalani pansi mumve zodabwitsa."

Ndakhala, ndamvetsera nyimbo za Makala Amoto zimene wakonza. Ng'oma za Stélia zikumveka ngati munthu akumenya katoni. Gitala ya Mateus, ija imakalipa bwino chifukwa sipika yake inang'ambika, yasanduka yaulemu ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Mawu a Aniceto, woimba wawo, asalala mpaka sukumvanso kuti munthuyu amapuma.

Ndafunsa kuti, "Pa mawu a Aniceto wayikapo mapulagini angati?"

Iye akuti, "Khumi ndi anayi okha."

Okha! Ndafunsanso kuti, "Nanga zoyambirira zija, zimene munajambula chaka chatha musanazikhudze, zili kuti?"

"Zilipo, koma ndizifufuta lero anthu akabalalika. Malo atha m'komputadori, ndipo ndili ndi mapulagini ena a gitala oti ndilowetse. Zosakonzazo n'zantchito yanji pamene zokonza zilipo?"

Bambo padiri, zimene ndayankha pamenepo ndidzabwera kudzaziulula Loweruka. Iye wangondiyang'ana n'kunena kuti, "Inu atsibweni ndinu a nthawi ya kaseti. Batani lililonse mumaliwona ngati njoka."

N'zoona, ndimaopa. Ndikuuzeni chifukwa chake.

Tsiku limene tinkabwerera kuno, tinadzazana m'kamiyawo imodzi, chilole chachikulu, anthu, mbuzi, mitolo. Titangodutsa malire wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, tonse n'kulandira. Ine ndinali ndi kawailesi ka kaseti pamiyendo, ndinadina batani lojambula. Mkazi wanga Serafina anali kumbuyo kwenikweni, atatsamira thumba la chimanga, akuimba ndi kamawu kake kakang'ono kokwera pamwamba pa onse. Serafina anatisiya patapita zaka zisanu, ndipo chithunzi chake ndilibe. Ndinali ndi kaseti ija basi, injini ikubangula, iye akumveka chapatali.

Nditapeza komputadori yanga yoyamba ku Tete, munali pulagini yochotsa phokoso. Ndinasangalala ngati mwana. Ndinalowetsa nyimbo ija m'makina, kasetiyo n'kujambulirapo kwaya ina, poganiza kuti zanga ndazisunga pabwino. Ndiye ndinayamba kupotokola batani la pulagini ija. Injini inachepa. Ndinapotokolanso, injini inatheratu. Chifukwa cha changu ndi kunyada, ndinasunga zokonzazo pamwamba pa zoyambirira. Pobwereza kumvetsera, mabesi a amuna analipo onse, koma pamalo pa Serafina panangotsala kaphokoso konga madzi akubwata m'botolo. Makinawo sanalakwe. Ndinawatuma kuchotsa phokoso, ndipo sankadziwa kuti pakati pa phokosolo panali mkazi wanga.

Ndinafunafuna njira zaka ziwiri. Palibe pulagini imene imabweza chimene chafufutidwa.

Tsono Aniceto wandilola kuti ndinene izi pagulu, ndiye musandinene kuti ndine wamwano. Mnyamata uyu wakumba golide zaka zitatu m'maenje a kuseri kwa phiri, ndipo fumbi lamukhala m'chifuwa. Chaka chatha anaimba nyimbo zisanu ndi zitatu m'chipinda ichi, denga lisanathe n'komwe, mawu ake akufika pamene ankafuna. Lero ndime imodzi samaliza osatsokomola. Tikupemphera kuti achire, ndipo achipatala akuyesetsa. Koma ngati mawuwo sabwerera mmene analili, ndiye kuti Aniceto wa chaka chatha ali malo amodzi okha padziko lonse lapansi, m'bokosi lija lili pangodya, ndipo lero lomwe akuti afufutidwe kuti papezeke malo a zoseweretsa.

Elisângela, makutu ako ndi abwino, koma akadali ana. Pakapita zaka zisanu udzamvetsera zimene wakonza lerozi n'kugwira pakamwa, monga tonse timachitira ndi ntchito zathu zoyamba. Udzafuna kuyambiranso. Udzayambira pati?

Bandi ya roki safuna zambiri. Mapulagini asanu akukwana: yosefa mawu kuti gitala ndi woimba asalimbirane malo, yogwira ng'oma ndi besi, yopatsa chipinda kukula pang'ono, ya moto wa gitala pa tsiku limene sipika ya Mateus idzafe, ndi yotsekera kumapeto kuti nyimbo isang'ambike pa wailesi. Posankha usayang'ane kukongola kwa mabatani. Tseka maso, Stélia aziyatsa ndi kuzimitsa osakuuza, ndipo mphamvu ya mawu ikhale yofanana, chifukwa khutu ndi lopusa, chilichonse chokwera limati n'chabwino. Ngati sukusiyanitsa, pulaginiyo ndi mlendo wongodya, ichoke. Ukatha, pita nayo nyimboyo kumsika uyimvetsere pa kawailesi ka wogulitsa mafuta, pakuti anthu ako adzaimvera pamenepo. Ndipo zoyambirira usazikhudze, ngakhale malo athe bwanji.

Olemekezeka, sizasi ija ndaibweza m'thumba. Mundikhululukire, ndikudziwa kuti programa yanu ndi yothina, koma nsalu iyi sindidula kufikira nkhaniyi itatha. Elisângela, sindikufuna kukuchititsa manyazi pa tsiku lako. Mapulagini ali ku Tete, kamiyawo ikapita udzawapezanso. Dutsa pansi pa nsaluyo, lowa, ufufute amenewo, usiye Aniceto.

Wandiyang'ana ngati malemu bambo ake. Koma walowa.

Tidikire pang'ono. Mateus, khala pansi, usamutsate, ntchitoyi ndi yake. Amayi a kwaya, musayambitse nyimbo, ndikufuna kumva ngati mukuchitika kanthu m'katimo. Ndikuuzeni zoona, tsopano ndiye ndikuopa kwambiri. M'mawa ndinaona kuti mapulagini ndi nyimbo zoyambirira zili moyandikana m'komputadorimo, ndipo ndamulowetsa mwanayu atakwiya. Ine ndi pakamwa pangapa. Ndikanatha kudikira, ndikanatha kulowa naye. Bambo padiri, ngati muli ndi pemphero lalifupi, linene chamumtima.

Uyo akutuluka. Wasiya angati, mwana wa mlongo wanga?

Akuti asanu ndi imodzi. Akuti yachisanu ndi chimodziyo ndi yake, ndipo sandiuza ntchito yake. Sekani, ndagonja, situdiyo ndi yake. Koma ine sindikhulupirira za pakamwa. Tsegula zenera, utiyikire nyimbo yoyamba ya chaka chatha, yosakonza, mmene inalowera.

Palibe chikumveka. Elisângela? Waya wa sipika uli m'malo? Aniceto, usaweramitse mutu, dikira.

Imvani! Timitengo ta Stélia tikuwerenga, mpando ukulira, malata akuthetheka ndi dzuwa. Ndipo uyo Aniceto wa chaka chatha akukoka mpweya, chifuwa chonse, chopanda chotsekereza. Alipo. Musawombe m'manja, musiyeni mawu ake afike pamwamba paja.

Wafika.

Olemekezeka bambo administradori, mafumu, atsogoleri a mipingo, amayi ndi abambo, Aniceto abwere agwire nane sizasiyi. Ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti situdiyo ya Elisângela Artur, kuno ku Fíngoè, yatsegulidwa kuyambira lero.

Zikomo kwambiri nonse.