Zipolopolo Zisanu ndi Chimodzi za Agogo a Mtambalika

Malemu agogo athu, a Bennet Mtambalika, anabadwa pa 14 Malichi 1958 ku Mtunthama, m'boma la Kasungu. Ine ndine Thoko, mdzukulu wawo. Mbiriyi amayenera kuwerenga amalume a Jeremy, koma mawu awathera, ndiye andipatsa ine poti mwa adzukulu tonse wowerenga Chichewa ndine ndekha. Ndikaphonya mundikhululukire.

Sukulu anayamba mu 1965 nalekezera Fomu 2. Mu 1978 analembedwa ntchito yolondera nyama kunkhalango ya Kasungu, ndipo mfuti anaphunzirira kumeneko. Pa 6 Ogasiti 1983 anamanga banja ndi agogo aakazi, a Anganile, amene anali namwino. Akuti anakumana kuchipatala malemu atalumidwa ndi njuchi, nkhope yonse itatupa, moti agogo aakazi anawalola asanawaone bwinobwino. Izi anandiuza ndi anti Felista.

Mu 2003 agogo aakazi anapeza ntchito kuchipatala kuno ku Leicester, malemu n'kuwatsatira chaka chotsatira. Anagwira ntchito kufakitale ya zitsulo ku Loughborough mpaka anapuma mu 2023.

Mu 2010 analowa kilabu yowombera chandamale, apolisi n'kuwapatsa satifiketi yosungira mfuti. Ndikudziwa kuti kutchalitchi ena ankanong'onezana zoti a Mtambalika akukonzekera nkhondo m'shedi mwawo ku Wigston. Ndinkamva, paja ine ndimakhala benchi yakumbuyo. Zoona zake n'zakuti zipolopolo zam'shopu ankati sizimvera, ndiye ankadzipangira okha. Ankatola makoko amkuwa owombera kale, kuwatsuka, kuyeza onga pasikelo, kuika mutu, kenako kufinya kukamwa kwa khokolo kuti kugwire mutuwo. Kufinyako ankakutcha kukirimpa, ndipo ankati luso lonse lagona pamenepo. Ukafinya pang'ono mutu umasuntha, ukafinyitsa khoko limakwinyika. Za mfuti yaitali ankafinya mwina, za yaifupi mwinanso. Chipolopolo chimodzi ankatha kuchitembenuza pazala mpaka tiyi kuzizira. Mu 2017 anakhala achiwiri pa mpikisano wa makilabu, ndipo chikhocho agogo aakazi amasungiramo mabatani.

Ankapanganso zipolopolo zonamizira, zopanda onga, zobowola kumunsi, zomangirira makiyi. Ambiri muno anakupatsani.

Pa 3 Febuluwale 2025 masana anagwa m'shedimo akugwira ntchito yawoyi. Madokotala anati ndi sitiroko. Anatisiya pa 9 Febuluwale ali ndi zaka 66.

Tsopano pali nkhani imene agogo aakazi anditumanso. Malemu ankakhoma chilichonse m'kabati yachitsulo, koma bokosi lomaliza la zipolopolo linatsala pabenchi chifukwa anagwa asanalisunge. Pa siwa kunja kunkazizira, ndiye azibambo m'malo mokhala panja monga kwathu munakhala m'shedi. Munaona zonyezimira, munayesa ndi za makiyi zija, munatengako zokumbukira mnzanu. Palibe amene akuti munaba. Koma zimenezo n'zenizeni. A Mahomed, anzawo akukilabu amene ali ndi chilolezo chosunga mfuti za malemu, atabwera kudzatenga katundu anapeza kuti m'kabuku malemu analemba 50, m'bokosi muli 44.

Wapolisi woona za masatifiketi abwera Lolemba, ndipo woyankha adzakhala agogo aakazi. Agogowo anenetsa kuti zikapanda kukwana sakwera ndege Lachitatu, thupi lipita lokha ku Kasungu. Enanu mukuperekeza nawo malirowa. Chipolopolo chikakapezeka m'thumba la jekete pa eyapoti, simukafika n'komwe pa geti.

Zinayi zabwera kale dzulo. Maina ndikuwadziwa, ndipo nonse mukundidziwa mmene ndimavutikira kusunga nkhani, koma iyi yokha ndalumbira. Zatsala ziwiri. Chanu chikakhala chopanda bowo kumunsi, ndi chimenecho. Musachimenye, musachitaye m'bini. Tikamatuluka a Mahomed aima pakhomo lakumbali kuti alandire zipolopolozo. Iwo sadziwa dzina la munthu aliyense muno. Ine ndikhala kukhitchini, nditayang'ana kukhoma.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, a Jeremy, a Deborah amene ndi mayi anga, ndi a Stanford, komanso adzukulu asanu.

M'malo mwa banja ndithokoze abusa ndi amayi amvano, anamwino anzawo a agogo aakazi amene ankasinthana mashifiti kuti akhale nafe, abale a ku Zambia ndi ku Zimbabwe ochokera ku Normanton, ndi anzawo akukilabu amene akhala kumbuyoko osamva ngakhale liwu limodzi. Ndithokozeretu anthu awiri amene adutsire khomo lakumbali lija.

Agogo, usani mumtendere. Mkazi wanu akuperekezani mpaka kumudzi.